Magitala akale opanga pamanja oimbira blues, ndikonze kapena ndiwasiye mmene alili?

Nsambo_Zinayi

Moni akuluakulu nonse. Ndikufuna maganizo kwa amene mumadziwa za magitala akalekale, makamaka aja opanga pamanja ndi aja otchipa omwe anthu osauka ankaimbira blues. Ine ndili ku Joni kuno, ndimaimba blues ya slide, ija yoika botolo pachala, nde pang'onopang'ono ndayamba kutolera magitala amtunduwu, osati ma Fender kapena ma Gibson andalama zambiri aja ayi, ndikunena aja ukangowagwira umadziwiratu kuti apa panadutsa manja a munthu ndipo munthuyo analibe zida zambiri.

Pakadali pano ndili ndi gitala ya Gallotone Champion yomwe ndinaipeza pa msika wa zinthu zakale, khosi lake linapindika moti nsambo zili mmwamba kwambiri, kugwira ma chord zala zimapweteka koma ukaika botolo imalira bwino zedi. Ndili ndi ramkie, kagitala ka chitini cha oyilo, yomwe ndinagula kwa munthu wina ku Cape Town koma iyoyo ndi yatsopano. Nde chachitatu ndi chomwe chandisowetsa tulo, banjo ya malemu malume anga a ku Thyolo yomwe azakhali andipatsa. Thupi lake ndi galoni ya oyilo ya malita 5, khosi ndi mtengo wosema ndi kasemasema mpaka zipsera za kasemasemayo zikuoneka kuseri, ma fret ndi timawaya tokhomera, zokungira nsambo ndi timitengo tosongola, nsambo zinali zinayi za waya wa buleki ya njinga ziwiri zinaduka. Chitinicho chachita dzimbiri mmunsi ndipo pakhosi pali timabowo tomwe tikutuluka ufa.

Mafunso anga ndi awa. Banjo imeneyi ndiikonze kuti izilira kapena ndingoipachika mmene ilili? Gallotone ija ndiwongoletse khosi? Komanso pali munthu wina pa intaneti akugulitsa gitala ya bokosi la cigar akuti ndi ya ku Mississippi ya m'ma 1930, mtengo wake ndi wokwera ndithu, munthu angadziwe bwanji kuti ndi yeniyeni? Ndithandizeni chonde ndisanaononge chinthu kapena ndalama.

Mmisiri_wa_ku_Ndirande

Achimwene choyamba penipeni, sandipepa ndi vanishi zisayandikire banjo imeneyo. Ndayambira pamenepa dala chifukwa anthu ambiri akabwera ndi chinthu chakale kwa ife akalipentala amafuna chituluke chikuwala, nde umapala zipsera za kasemasema zija, umapala pomwe chala cha mwiniwake chinadya mtengo, pomaliza watsala ndi chinthu choti aliyense atha kukhoma mawa mmawa. Thukuta lomwe linadetsa khosilo lisiyeni.

Chofunika changu ndi ufawo. Ngati ufa ukutulukabe woyera ndiye kuti tizilombo tofumbwitsa mtengo tikadali moyo mkatimo ndipo tikudyabe, komanso titha kusamukira ku Gallotone yanuyo mukaziika pamodzi, nde zisiyanitseni lero lomwe. Njira yomwe ngakhale a malo osungira zinthu zakale amagwiritsa ntchito ndi kuzizira. Chotsani nsambo, ikulungeni banjoyo mu pulasitiki mumange bwinobwino mpweya usalowe, muiike mu dipifiriza sabata imodzi kapena awiri, mukaitulutsa musamasule pompo, isiyeni tsiku lathunthu ili mu pulasitiki momwemo kuti chinyezi chigwire kunja kwa pulasitiki osati pa chitini. Pa banjo ya chitini ndi mtengo umodzi wopanda guluu zimenezi zilibe vuto. Koma musayerekeze kuchita zomwezo ndi gitala ya matabwa omata ndi guluu yokhala ndi vanishi wakale, vanishiyo amang'aluka timizere. Ena amathira parafini mmabowomo ndi jakisoni, zimathandizako koma fungo limakhalitsa ndipo mtengo umada pamenepo.

Dzimbiri, tengani kansalu kofewa mudontheze timafuta ta makina osokera pang'ono mupukute, cholinga ndi kuliletsa lisapitirire osati kulichotsa lonse. Musakweche ndi steel wool pomwe pali zilembo za kampani ya oyilo chifukwa zilembo zomwezo ndi zomwe zingakuuzeni kuti chitinicho ndi cha zaka ziti.

Nde kunena zoti ilire kapena ipachikidwe, ine ndikuti ilire. Mabanjo ambiri akwathu kuno mtengo wa khosi umadutsa mkati mwa chitini mpaka kutulukira kumbuyo, nde mphamvu ya nsambo imakoka mtengowo osati chitini, suzumirani pa bowo muone ngati yanunso ili choncho. Ngati mtengo sunafumbwe mpaka kufewa, ikani nsambo. Waya wa buleki akupezeka paliponse pokonzera njinga, mumaumasula n'kutulutsamo timawaya tating'ono tija n'kutiwongola, kulira kwake kumakhala komweko komwe malume anu ankamva. Nsambo zakale zodukazo musataye, ziikeni mu envulopu musunge. Ndipo ma fret aja musawasunthe ngakhale muone ngati sanaikidwe molingana, pa gitala ya kufakitale fret ya 12 imakhala pakatikati penipeni pa nsambo, koma amisiri akumudzi ankaika ndi khutu kutsata nyimbo zomwe ankaimba, mukawakonza ndi tepi ndiye kuti mwafafaniza nyimbozo.

Za Gallotone, kuwongola khosi ndi ntchito yaikulu yoposa mtengo wa gitalayo ndipo inu mwanena kale kuti ndi botolo ikulira bwino, isiyeni ikhale ya slide basi. Chunani open G kapena open D, machunidwe aja oti ukamenya nsambo zonse osagwira zimalira chord, chifukwa pamenepo mumatsitsa nsambo, khosi limapumako, open A ndi open E mumakweza nde zimalikoka kwambiri. Nsambo zikhale zopepuka. Komanso kwanuko nyengo yozizira mpweya umauma kwambiri, matabwa akale amang'aluka, muziisunga mu kesi muli kasiponji konyowa pang'ono mu kabokosi ka sopo koboola. Ife kuno vuto lathu ndi la dzinja, chinyezi chimamasula guluu.

Chemwali_ku_Leeds

A Mmisiri anena zonse za banjo, ine ndiyankhe za bokosi la cigar lija chifukwa ndakhala ndikutsatira msika umenewu kuno ku UK.

Achimwene samalani kwambiri. Kukalamba kwa bokosi si kukalamba kwa gitala. Mabokosi a cigar akale alipo ambirimbiri ku America ndipo ndi otchipa, nde munthu amagula bokosi lenileni la m'ma 1920, n'kupeza mpini wa tsache wakale, n'kukhoma kumapeto kwa sabata, n'kupaka tiyi kapena khofi pomwe wacheka kuti pade, basi yasanduka ya ku Mississippi. Bokosilo zaka zake zimadziwika mosavuta chifukwa boma la America linkamata sitampa ya msonkho pa mabokosi amenewa mpaka 1959 ndipo pansi pake pamakhala nambala ya fakitale, koma zonsezo zikungokuuzani za bokosi basi. Mupempheni zithunzi za mkati. Muone ma screw, ngati ndi aja a mutu wa mtanda dziwani kuti anayamba kufala chakumapeto kwa ma 1930, gitala ya kumudzi ya nthawi imeneyo muyembekezere misomali kapena ma screw a mzere umodzi. Muone guluu, ngati muli uja wotentha wa mfuti kapena woyera wa pulasitiki ndiye mwayankhidwa. Muone pomwe anacheka bokosi kuti khosi lilowe, mtengo wochekedwa kalekale umada mofanana ndi malo ena onse. Ndipo chachikulu muone ngati inaimbidwapo, gitala yomwe munthu ankaikonda imadyeka pomwe dzanja limakhudza, osati paliponse mwachisawawa. Pomaliza mufunseni kuti anaipeza kuti, kwa banja liti, tauni iti. Akayamba kuzungulira musiyeni.

Zenizeni zilipo koma ndi zochepa chifukwa zinali zinthu za ana ndi za anthu osowa, akapeza gitala ya mushopu ankazitaya. Lightnin' Hopkins wa ku Texas gitala yake yoyamba inali ya bokosi la cigar yomwe anapanga ali mwana, ndipo oimba ambiri a ku Mississippi anayambira pa diddley bow, waya umodzi wochotsa pa tsache wokhomera pa khoma la nyumba ndi misomali iwiri, botolo pansi pake lokweza wayayo. Nanga khoma mungaligule pa intaneti?

Ngati mukufuna kulira kwa blues ya pa ma rekodi akale aja, ndalama imeneyo kulibwino muisungire gitala ya Stella. Koma apanso pali msampha. Stella zomwe Charley Patton, Lead Belly ndi Blind Willie McTell ankaimba zinkapangidwa ndi kampani ya Oscar Schmidt ku Jersey City, zinali zotchipa nthawi imeneyo koma lero ndi zodula. Cha m'ma 1939 dzina la Stella linapita kwa Harmony ya ku Chicago ndipo iwo anapanga zambirimbiri mpaka m'ma 1970, za mtengo wa birch, mizere ya mmbali ndi yongopenta. Ogulitsa ena amasakaniza dala ziwirizi. Za Harmony si zoipa ayi, ine ndili nayo imodzi ndipo ndimaikonda, koma musailipire ngati ya Oscar Schmidt. Chomwe chimapatsa zonse ziwiri kulira kouma kodukiza kuja ndi timitengo ta mkati, tinaikidwa mopingasa ngati makwerero osati modutsana pa X mmene kampani ya Martin imachitira, nde mawu amatuluka mwamphamvu n'kufa msanga, zomwe zimagwirizana ndi munthu woimba ndi zala akumenya bass ndi chala chachikulu. Vuto lake nkhope ya gitala imatupa kumbuyo kwa briji pakapita zaka, muziyang'ana chammbali musanagule.

Gitala za National zachitsulo zija za Son House ndi Bukka White ndi nkhani ina, John Dopyera anazitulukira ku Los Angeles mu 1927 kuti gitala izimveka pagulu magitala amagetsi asanafale, mkati muli mbale yopyapyala ya aluminiyamu yomwe imakuza mawu. National ya mtundu wa Duolian inkagulitsidwa madola 32.50 m'ma 1930, lero musafunse. Mukaipeza funsani ngati mbale ya mkatiyo ndi yoyambirira.

China chomwe anthu amaiwala, gitala yakale ikakhala ndi mtengo wa Brazilian rosewood siingodutsa malire chabe, mtengo umenewu uli pa ndandanda yoletsedwa ya CITES, mgwirizano wa mayiko woteteza mitengo ndi nyama zosowa, kuyambira 1992 nde pamafunika mapepala. Za birch zotchipazi zilibe vuto limenelo.

Madala_a_ku_Chileka

Mwana wanga ndawerenga ndipo mtima wanga wakhala pa banjo ya malume akoyo osati za ku America zo.

Ine ndinakula nthawi yomwe gitala ya mushopu pamudzi inkabwera ndi munthu wochokera ku Wenela kapena ku Salisbury. Munthu akatsika ndi sutikesi, chipewa, wailesi ndi gitala, mudzi wonse umadziwa kuti kwabwera munthu, ndipo zambiri mwa izo zinali Gallotone zomwezo, mkati muli kapepala kolonjeza kuti sing'aluka. Mpaka 1974 pomwe ndege ija inagwa ku Francistown ndi anthu athu ochokera kumigodi, Kamuzu n'kuletsa za Wenela, njira imeneyo inali yotseguka. Ife otsala tinalibe ndalama yogulira nde tinkaonera patali n'kukapanga zathu, chitini, mtengo, waya, ena nkhope ankakuta ndi chikopa cha mbuzi kapena cha gwape. Usaganize kuti zinali zoseweretsa. Malemu Alan Namoko wa kwanu ku Thyolo komweko, wosaona uja, ndi Chimvu Jazz yake, dziko lonse linkamumvera pa MBC ndi banjo ndi ng'oma zopanga okha, ndipo ukamva mmene ankalirira ndi mawu ake sungafunenso kufunsa kuti blues ndi chani. Kwathu kuno tinali ndi Daniel ndi Donald Kachamba, iwo anafika mpaka ku Ulaya. Ndipo za botolo zomwe ukuchitazo si zachilendo kuno, tinkati hauyani, gitala kuigoneka pamiyendo n'kumatsetsereka ndi botolo kapena mpeni, Ndiche Mwarare ankadziwika nazo zimenezo.

Nde pempho langa ndi ili. Azakhali akowo akadali moyo, aimbire foni sabata ino uwafunse kuti banjoyo anapanga ndani, malumewo kapena munthu wina, mudzi uti, chaka chiti ngati akukumbuka, mtengo wa khosiwo ndi mtengo wanji, ankaimba nyimbo zanji, ankaimbira kuti, pa mowa, pa ukwati, pa msika. Ngati pali wina wotsala yemwe ankaimba nawo umupeze akuchunire ndi pakamwa ujambule pa foni, chifukwa machunidwe a mabanjo amenewa sanali amodzi, aliyense anali ndi ake ndipo palibe pomwe analembedwa. Ulembe zonsezo pa pepala usunge pamodzi ndi banjoyo. Chemwali wa ku Leeds wanena kuti za ku America zenizeni zikusowa chifukwa ankazitaya ndipo palibe akudziwa anapanga ndani, ifenso tikulowera komweko, zathu zikuthera pa moto ndi kwa ogula zitsulo zakutha. Mzungu Hugh Tracey anazungulira dziko lino m'ma 1950 akujambula nyimbo, zili ku Rhodes University ku South Africa komweko, mawu anasungidwa koma zoimbira zake zija zili kuti?

Komanso ukamapita kumudzi kukagula zina usakawabere anthu. Ndaonapo alendo akupatsa mnyamata ndalama ya sopo n'kunyamula chinthu chomwe amadyera. Ngati munthu akuimbabe usamulande, mulipire akupangire ina, ndipo dzina lake alembe mkati.

Jnr_Area25

Madala ulemu wanu koma ine apa sindikugwirizana nazo pang'ono. Blues ndi ya anthu akuda a ku America, ili ndi mbiri yawo ya ukapolo ndi minda ya thonje, ife tisamangoti chilichonse chokhala ndi chitini ndi botolo ndi blues. Namoko ankaimba za Namoko, Gasper Nali wa ku Nkhata Bay amaimba babatoni, bass ija ya waya umodzi, ndi botolo koma nyimbo zake ndi zovina zosangalala, Madalitso Band chimodzimodzi, azungu ndi amene amakonda kumata dzina la blues pa chilichonse cha ku Africa kuti chigulike. Nde aise ngati ukutolera za blues tolera za blues, banjo ya malume ndi chuma cha banja, ndi nkhani ina.

Chemwali_ku_Leeds

Jnr mfundo yako ili ndi mutu ndipo sindikuitsutsa yonse. Ngakhale Gerhard Kubik, yemwe wagwira ntchito zaka zambiri ndi banja la a Kachamba ku Chileka ndipo anafufuza kwambiri za komwe blues inachokera, mizu yambiri ya kaimbidwe kake amailoza kumadera ouma a kumadzulo kwa Africa, cha ku Mali ndi kumpoto kwa Nigeria uko, osati kwathu kuno. Nde zoti blues inachokera ku Thyolo palibe akunena.

Koma achimwenewa sakutolera mitundu ya nyimbo, akutolera zoimbira, ndipo pa zoimbira ubale ulipo woonekeratu. Taona babatoni ya Gasper, mtengo wautali pafupifupi mamita atatu, ng'oma ya chikopa cha ng'ombe, waya umodzi wochotsa mu tayala, dzanja lina kamtengo komenyera dzanja lina botolo. Ika pambali pake diddley bow yomwe Lonnie Pitchford ankaimba ku Mississippi, waya umodzi, komenyera, botolo. Anthu awiri osadziwana, onse alibe ndalama ya gitala, onse apeza kuti galasi likamatsetsereka pa waya limatha kutsata mawu a munthu malo omwe ma fret sangafike. Munthu woimba slide akaika ziwirizi mchipinda chimodzi sakunamiza aliyense bola asalembe pa banjoyo kuti Delta blues. Ndipo palibe choletsa kuimbira blues pa banjo ya ku Thyolo, ku Clarksdale ku Mississippi kuli Super Chikan yemwe amapanga magitala ake ndi zigubu za petulo n'kuzipenta yekha, akanaiona ya malumeyo bwenzi ataizindikira pompo.

Mwana_wa_Chipata

Ba Nsambo naona onse akamba za acoustic chabe, manje ine niikeko za magetsi chifukwa kumeneko ndiye kuli zachilendo zambiri ndipo zina zikali zotchipa.

Hound Dog Taylor wa ku Chicago ankaimba slide pa magitala otchipa a ku Japan, aja a Kawai ndi Teisco okhala ndi ma switch ambirimbiri, gulu lake linalibe ngakhale bass, koma kulira kwake kunali kokwanira kuti Bruce Iglauer ayambitse kampani ya Alligator Records mu 1971 cholinga chongomujambula iyeyo. Ma pickup a magitala amenewa, tizida totola mawu a nsambo kupita ku ampu, ndi ofooka komanso amagwira phokoso la thupi la gitala, chinthu chomwe mainjiniya amati ndi vuto, koma pa slide ndi ampu yaing'ono yotsegula mpaka kumapeto ndiye pamene pali kukoma. J.B. Hutto anali ndi Airline yofiira ya fibreglass, inkapangidwa ndi Valco n'kumagulitsidwa ku Montgomery Ward, shopu ya katalogi. Gitala ya Danelectro thupi lake ndi hardboard yomweyi timaika ku siling'i, pickup anaiika mu kachubu ka lipstick, ndipo ina yomwe ankagulitsa ku Sears pa dzina la Silvertone inkabwera ndi ampu mu kesi momwemo. Bo Diddley yekha anayamba wapanga gitala ya makona anayi, pambuyo pake a kampani ya Gretsch anamupangira mu 1958.

Izi si zopanga pamanja zenizeni koma mzimu wake ni umodzi, zinthu zotchipa zimene anthu analiza mpaka zinakhala na dzina. Ku Joni kumeneko muzizungulira mu ma pawn shop na mu misika ya pa Sande, za ku Japan za m'ma 1960 zinalowa maningi kuno kummwera ndipo ogulitsa ena saziwerengera. Muyang'ane khosi, muyang'ane ngati ma pickup onse akulira pogogoda na screwdriver, zokungira zikasowa si nkhani zimapezeka. Chimene simungapeze ni pickup yoyambirira ikafa.

Za babatoni, kwathu kuno nayenso tili nayo, magulu a kalindula a ku Luapula anayambira pa mabanjo opanga okha na bass yaikulu yomweyo asanalowe mu za magetsi, nde mukadzafika ku Zambia muzafunseko, amisiri akalipo.

Nsambo_Zinayi

Zikomo kwambiri nonse, mwandipatsa zambiri kuposa zomwe ndinapempha. Wa bokosi la cigar uja ndamupempha zithunzi za mkati monga mwanenera chemwali, watumiza ziwiri zosaoneka bwino ndipo pa funso la komwe anaipeza wangoti kwa munthu wina wotolera, nde ndamusiya.

Bambo a ku Chileka ndawaimbira azakhali. Akuti sanapange ndi malume ayi, anapanga mnzawo wina yemwe ankagwira naye ntchito yothyola tiyi ku esiteti, iyeyo ndi amene ankapangira anyamata onse a mderalo ndipo malipiro ake nthawi zina inali nkhuku. Dzina andiuza ndalemba. Akutinso mng'ono wake wa mmisiriyo alipo ndipo ankamenya ng'oma pagulu lawolo, nde ndatuma msuweni wanga akamujambule. Sindinkadziwa n'komwe kuti malume anali ndi gulu, ife tinawadziwa atasiya kale.

A Mmisiri ndasuzumira ndi tochi, mtengo ukudutsadi mpaka kumbuyo ndipo watulukira pomwe nsambo zimamangidwa pa misomali inayi yopinda. Mkatimo ndapezamo timiyala tiwiri ndi kachitsulo ka pa botolo la mowa, kaya zinagweramo kaya anaikamo dala sindinazichotse. Pansi pa briji pali kandalama ka 1 tambala kophwanyika kokwezera. Panopa ili mu dipifiriza.

Jnr ndakumva ndipo sindidzaitchula kuti ndi ya blues, koma kuimbirapo ndiimbirapo.

Funso lina limodzi a Mmisiri, ndikafuna kuti izimveka pa ampu ndikamaimba pagulu ndingaike pickup osaboola chitini?

Mmisiri_wa_ku_Ndirande

Timiyalato ndi kachitsuloko musachotse achimwene, ambiri ankaikamo dala kuti banjo izichita kaphokoso konjenjemera ikamalira, ndi maganizo omwe aja oika nembanemba ya kangaude pa zigubu za valimba kapena tizitsulo pa kalimba. Ka tambalako nakonso kasiyeni pomwepo, mukakachotsa briji itsika nsambo ziyamba kugunda ma fret.

Pickup itheka osaboola. Gulani ka piezo kaja kozungulira ngati kandalama, kamapezeka mmashopu a zamagetsi kapena mutha kukachotsa mu buzzer yakutha, mulumikize waya ndi jack. Musakamate ndi super glue, gwiritsani kaphula kaja komatira mapepala pakhoma kapena tepi ya mbali ziwiri, kuti tsiku lina muthe kuchotsa osasiya chipsera. Pa chitini piezo imalira mokuwa kwambiri mukaimata pachitsulo mwachindunji, nde ikani kachikopa kopyapyala kapena ka labala ka chubu cha njinga pakati, ndipo yesani malo angapo, kawirikawiri pafupi ndi briji chakumbali ya nsambo yaikulu ndi pomwe pamamveka bwino, pakatikati pamalira huuu mukakweza volume. Jack musaipachike pa chitini, imangeni ndi kachingwe pa mtengo wotulukira kumbuyo uja kuti wina akaponda waya chikoke mtengo osati chitsulo chadzimbiricho. Piezo yokha molunjika mu ampu imamveka yopyapyala, kapreamp kakang'ono kamathandiza kwambiri.

Popeza nsambo zake ndi zachitsulo pickup ya maginito nayo itha kugwira, koma imafuna malo pansi pa nsambo ndipo pa mabanjo awa malowo sapezeka popanda kudula chitini, nde imeneyo ayi. Ngati malo omwe mukuimbawo ndi aang'ono ingoikani maikolofoni patsogolo pa bowo basi, ndi momwe imamvekera ngati mwini wake.

Mukaitulutsa mu firiji dikirani masiku angapo musanakunge nsambo, ndipo kungani pang'onopang'ono imodzi imodzi mukuyang'ana zokungira zamitengozo, zikamaterereka pakani choko, zikalimba kwambiri pakani sopo wouma pang'ono, musazikakamize ndi pulayazi zimathyoka. Ikani pepala loyera pansi pa khosi kwa mwezi muone ngati ufa ukugwabe, ukagwa ibwerere mu firiji. Nyimbo za mkulu wa ng'oma uja zikabwera mutiponyereko timve machunidwe ake musanaichune open G.